Nkhope Zitatu za Amayi

CHE KASSIMU AYUBA
Wojambula zithunzi, wa kwa Kuntumanji ku Zomba
1941 mpaka 18 Seputembala 1996

Ababa,

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Chaka choyamba tinalemba mizere inayi m'nyuzipepala muno, yoti mugone mumtendere. Chaka chachiwiri tinabwereza yomweyo. Chaka chino mizere inayi yatichepera, ndipo ulemu umene anthu amayembekezera pa tsamba lino tilibe wokwanira. Takwiya, ababa. Ena mwa amene takwiya nawo amagula nyuzipepala ino m'mawa uliwonse, ndipo tikufuna awerenge. Mutikhululukire kuti pakati pawo mulipo ndi inu.

Wogwira cholembera ndine Falida, mwana wanu woyamba. Amayi akhala pamkeka pambali panga. Ndikalemba ndime ndikuwawerengera, iwo n'kumati apa chotsa, apo wonjezera. Choncho mawuwa ndi athu tonse.

Chithunzi chili pamwambachi tachimatula pa khadi lanu la kusikimu ya mpunga ku Likangala. Diso limodzi munatsinzina, ndipo chidindo chinakudyani khutu. Ndicho chokha tili nacho. Munajambula nkhope za anthu mazanamazana, koma yanu simunaijambulepo. Tikakufunsani munkaseka, n'kunena kuti ndevu zanu sizoyenera kuonongera penti.

Ine ndinakudziwani muli ku Songani, m'kashopu kaja koyang'ana kumsewu, konunkha palafini. Munkalemba zikwangwani za matiyirumu, za ometa tsitsi, za ogulitsa nyama. Bulashi imodzi inkakhala kukhutu, ina m'kamwa, ndipo pa Lachisanu munkapita kumzikiti ndevu zili ndi madontho obiriwira amayi akukuthamangirani ndi kansalu. Koma chimene chinakutchukitsani ndi nkhope. Munthu ankabwera ndi kachithunzi kakang'ono ka pachiphaso, inu n'kumukulitsa pa bolodi ndi penti wopakira zitseko. Ndipo aliyense ankatuluka m'manja mwanu atanenepa. Khungu losalala ngati sopo watsopano, mano onse alipo, masaya odzaza. Wovala malaya ong'ambika munkamuveka suti ndi tayi. Woyenda pansi munkamuikira galimoto kumbuyo. Anthu ankachokera ku Domasi, ku Malosa, ngakhale ku Liwonde, kudzafuna nkhope zimene Mulungu sanawapatse.

Nkhope yoyamba ya amayi munaijambula nthawi imeneyo, ine ndili kumsana. Munawayeretsa khungu, munawapatsa khosi la mizeremizere ndi wotchi yagolide imene sanaigwirepo chibadwire. Chipini cha pamphuno munachichotsa, poti amayi a m'tauni sankavala. Chithunzicho chinapachikidwa pamwamba pa wailesi. Tsiku lina anabwera amayi aakulu, a Mwanabibi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Alamu, mayi wonenepayu ndi mkazi wanu wachiwiri?" Munaseka mpaka kukhala pansi. Amayi sanaseke, chifukwa ankachikonda chithunzicho. Akuti ndilembe kuti ankachikonda, ndisabise.

Zonsezi zinatha tsiku limodzi la mu 1988. Ndinalipo, ndikutsuka mabulashi. Kunabwera mayi wamasiye wa kunyanja, a Halima, kudzatenga chithunzi cha amuna awo amene anamira ndi bwato mwezi wa mwera. Munawajambula monga mwa masiku onse, suti yakuda, tayi yofiira, masaya odzaza. Mayiwo anachigwira m'manja, anachiyang'ana, n'kuchitsamiritsa pakhoma bwinobwino.

"Awa ndi abwana ena," anatero. "Amuna anga anali ndi chipsera apa, pamene inawakola mbedza. Khutu lawo lakumanzere linali lopindika. Ana akamadzandifunsa kuti bambo athu anali otani, ndidzawaonetsa ndani?"

Sanakalipe. Anatenga kachithunzi kawo kakang'ono n'kupita. Inu munakhala pampando tsiku lonse osagwira chilichonse. Patatha mwezi munatseka shopu, tinanyamula katundu, tinabwerera kumudzi kwa amayi m'mbali mwa Chilwa.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga pa inu unayambira, ababa, ndipo ndinene poyera. Simunafunse aliyense. Ine ndinali Fomu 2, ndipo sukulu inathera pomwepo. Ndinakathera kwa telala ku Limbe kuphunzira makina. Mchimwene wanga Wisidomu, amene munamutcha dzina lachizungulo chifukwa cha mphunzitsi amene munkamukonda, anasiya mabuku n'kugwira ukonde. Amayi anatenga munda kusikimu, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yathu inadya msana wawo. Inu munali mutapeza chimene munkafuna. Ife sitinadziwe kuti tinkafunanso chimenecho.

M'mawa uliwonse munkatsikira padoko ndi kampando kanu. Kachithunzi ka pachiphaso munakakana. Munkati wofuna nkhope yake akhale pansi, ndimuone. Penti munayamba kumupaka mokhuthala, nthawi zina ndi mpeni wa pakhitchini, moti munthu ankatha kupapasa makwinya ndi chala. Khungu lakuda munkaliikamo zobiriwira, zofiirira, zamtambo. Ndinakufunsani kuti munthu wobiriwira munamuona kuti. Munandigwira mutu n'kundilozetsa msodzi amene ankatuluka m'madzi dzuwa likukwera, n'kuti, "Usandiuze zimene ukudziwa. Yang'ana." Ndinayang'ana. Phewa lake linalidi lobiriwira. Mpaka lero ndikamasankha ulusi pa nsalu ya kasitomala ndimamva dzanja lanu pamutu panga.

Koma anthu sanafune kudziona. A Wilisoni, amene ankagula matemba ambiri padoko n'kumakagulitsa ku Blantyre, anakukhalirani masiku atatu atavala jekete dzuwa lili ng'aa. Mutamaliza munawapatsa a Wilisoni enieni, diso lawo limodzi loyang'ana kumbali, mlomo wonyozera umene ankauonetsa kwa asodzi pokambirana mtengo. Padoko ponse panaphulika chiseko. Iwo anaponya bolodilo m'madzi n'kunena kuti Che Kassimu ntchito yawathawa. Munalowa m'madzi ndi thalauzi lomwe, munalivuula, n'kubwera nalo kunyumba muli kuimba mluzu. Kuyambira pamenepo ofuna kujambulidwa anachepa, ndipo munayamba kupempha anthu kuti akukhalireni mwaulere. Zithunzi zinadzaza kuchipinda, pansi pa bedi, kudenga.

Nkhope yachiwiri ya amayi ndi ya mu 1992, chaka cha chilala. Munawatsatira kusikimu osawauza. Anali atawerama m'munda mmene mpunga unali utapsa usanabereke, ndipo atakuonani mwakhala pamzere ndi mabulashi anadzutsa mutu kuti akukalipireni. Mphindi imeneyo ndi imene munaigwira. Chipini chili pamalo pake, dzino lothyoka lija likuoneka, thukuta latsikira m'makwinya a pakhosi, maso ali psuu. Amayi atachiona anati, "Ndiye kuti mukandiyang'ana mumaona chimenechi?" Munayankha kuti, "Ndimaona amene akutidyetsa." Sabata yathunthu sanakuyankhuleni, chakudya ankangokusiyirani pakhomo. Koma mng'ono wanga Maliyamu ankandiuza kuti amayi akamasesa kuchipinda ankaima patsogolo pa chithunzicho tsache lili m'manja, n'kumadzigwira pakhosi.

Maliyamu. Ndalemba dzinali ndipo amayi atuluka panja. Ndidikira abwere.

Abwera. Akuti ndipitirize.

Mu 1995 nyanja inayamba kuthawa. Mwezi uliwonse madzi ankapita kutali, mpaka mabwato anakhala pamatope ngati mbale zosatsuka, ndipo anthu ankapita kuchilumba wapansi. Matope anauma n'kung'ambika, mphepo inkabwera ndi fumbi lowawa m'maso. Madzi akumwa ankakumbidwa m'maenje, anthu ndi ng'ombe malo amodzi. Mvula itangodontha pang'ono kumayambiriro kwa 1996, kolera analowa m'midzi. Maliyamu anadwala m'mawa Lachiwiri, ndipo Lachitatu masana tinali titamuika. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndiye yekha amene munalumbira kuti adzamaliza sukulu.

Kumanda simunalire. M'mawa mwake, anthu akadali pabwalo, munatenga chitini n'kulowera kunyanja youma. Munabwera madzulo chitini chitadzaza matope akuda a pansi. Munawasakaniza ndi mwaye, phulusa, njereza ndi utomoni. Penti wa m'sitolo munamutaya, mabulashi munawaika padenga. Munang'amba ziguduli za mpunga, munazikhoma pakhoma, n'kuyamba kupaka ndi zala. Munkayenda khomo ndi khomo kwa aliyense amene anaika mwana kapena mkazi mwezi umenewo, n'kukhala pakhomo pawo chete, kuwayang'ana. Nkhope zimene zinatuluka zinalibe malire, mutu unkangosungunukira m'chiguduli. Mphuno pena inalipo, pena ayi. Matope akauma ankang'ambika, ndipo mng'alu unkadutsa pamphumi, padiso, pamlomo. Komabe aliyense wa m'mudzi akayang'ana ankadziwa kuti uyu ndi uje. Ndicho chimene chinawaopsa.

Amayi masiku amenewo ankangokhala pakhonde, miyendo itatambasuka, manja pamiyendo. Inu munakhoma chiguduli moyang'anizana nawo. Ababa, apa ndiye ndimakwiya nanu kwambiri. Mkazi wanu anali ataika mwana. Manja anu, amene anayenera kumugwira phewa, anali m'chitini cha matope. Masiku khumi ndi awiri munawayang'ana ngati mmene munkayang'anira asodzi padoko. Nkhope yachitatu ija ili ndi maenje awiri m'malo mwa maso, limodzi loyang'ana pansi, lina loyang'ana kukhomo la chipinda cha Maliyamu. Pakamwa palibe. Ndinabwera kuchokera ku Limbe, ndinachiona, ndinakukokerani kuseri kwa nyumba.

"Ababa, pakamwa pa amayi mwaiwala, kapena mwachita dala?"

"Iwe," munatero, "chimwalirire mng'ono wako, wawamvapo akuyankhula?"

Zinali zoona, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinabwerera ku Limbe osakutsanzikani. Sindinadziwe kuti ndikukuonani komaliza mutaima ndi miyendo yanu.

M'mudzi anati mwapenga. Ena anati majini a m'nyanja, atasowa madzi, alowa mwa inu. Amene munkawalembera zikwangwani zaulere ankakhotera njira ina akakuonani. Amwalimu a kumzikiti okha ndi amene anabwera kudzakhala nanu. Anakuuzani mofatsa kuti nkhope za anthu iwo sazivomereza, koma anamwa nanu tiyi ndipo anakupemphererani. Mng'ono wanu, bambo aang'ono Che Sharifu, sanabwere ndi kamodzi komwe. Ankayankhulira kumsika kuti achimwene achititsa manyazi mtundu.

Ndipo nthawi yonseyo munkatsokomola. Kansalu kamene munkapukutira zala kanali ndi madontho ofiira. Amayi atakufunsani ndi maso, munati ndi penti. Penti wofiira munali mutamutaya miyezi isanu ndi umodzi kumbuyo, ababa. Wisidomu anabwereka njinga kawiri kuti akutengereni kuchipatala ku Zomba, inu n'kumati mawa, ndimalize kaye nkhope ya uje. Pamene munavomera, munali oti akunyamuleni. Munagona masiku anayi m'chipatala. Ife tinali titaika kale mmodzi chaka chimenecho, ndipo inu munaona kuti tingathe kuika wachiwiri. Zimenezi sitinazimvetsebe.

Tsopano timve za amoyo.

Tsiku la sadaka ya masiku makumi anayi, mpunga usanathe n'komwe m'mbale, Che Sharifu anabwera ndi ngolo. Anaima pabwalo n'kuuza anthu kuti zinthu za m'nyumba muja ndi zimene zabweretsa imfa ziwiri, ndipo iye monga mwini mbumba wa kwanu akuzitenga akaziotche. Amayi anali m'masiku awo okhala m'nyumba monga mayi wamasiye, sakanatuluka kukakangana ndi mlamu wawo pamaso pa amuna. Wisidomu atayesa kutsekereza pakhomo, akuluakulu anamuuza kuti ndi mwana. Anthu a m'mudzi anathandiza kunyamula, ena akulavula malovu. Anatenga zonse, za pansi pa bedi, za kudenga, ziguduli za pakhoma, mpaka mayi wonenepa wa pamwamba pa wailesi uja. Madzulo tinaona utsi kumudzi kwawo. Tinalira, tinati zatha.

Mwezi wa Juni chaka chino ndinagula matemba mumsika wa Limbe. Wogulitsa anandikulungira m'nyuzipepala ya sabata yatha. Nditafika kunyumba n'kutambasula, pansi pa matemba panali amayi. Maenje awiri aja, mng'alu uja, popanda pakamwa. Ndinakhala pansi pakhitchini mafuta akupsa pamoto. Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti zithunzi za wojambula wa ku Chilwa zikuonetsedwa pa hotela ina mu Blantyre mwezi wonse, ndipo wozisonkhanitsa ndi bambo wina wochita malonda a zosemasema ndi zojambula, a Saulos. Utsi tinauona uja unali wa zinyalala, ababa. Malata amene mng'ono wanu anafolera nyumba yake chaka chotsatira, ife n'kumamuyamikira kuti fodya wamuyendera, anali inu.

Ndinapita ndekha kaye. Zonse zinali pamenepo, m'mafelemu onyezimira, nyali iliyonse yoyang'ana chithunzi chake. Anazigawa makoma atatu, khoma lililonse ndi dzina lake: Nyengo Yosalala, Nyengo ya Padoko, Nyengo ya Matope. A Wilisoni analipo, banga la madzi likuonekabe m'munsi. Anthu ovala bwino ankayenda pang'onopang'ono, matambula m'manja, akugwedeza mitu. Sindinama, ababa, mtima wanga unayamba wanyada. Ndinaona koyamba zaka zanu zonse zitaima pamzere, ndipo ndinaona kuti simunali munthu wosochera. Munkayenda ulendo umodzi, kuchotsa bodza limodzilimodzi pankhope ya munthu mpaka patatsala chimene sichingachotsedwe.

Kenako ndinawerenga kapepala kamene ankagawa pakhomo. Analemba kuti munali munthu wokhala yekha, wopanda mkazi, wopanda mwana. Kuti kumapeto munazungulira mutu, ndipo misala imeneyo ndi imene inabala luso lanu lalikulu. Kuti anakupezani mutafa nokha pakati pa nyanja youma, chitini m'manja. Ndipo pansi pa nkhope zitatu za amayi, khoma lililonse, panali kachikwangwani kofanana: Mkazi Wosadziwika. Sanazindikire n'komwe kuti ndi munthu mmodzi.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kukatenga amayi. Sanafunse zambiri. Anavala chitenje chawo cha pa Idi, anamanga duku, tinabwera. Mlonda wa pageti anatiyang'ana kumapazi n'kunena kuti ofuna ntchito amalowera kumbuyo. Amayi anangomudutsa.

Tinapeza a Saulos ataima pa khoma lachitatu, akufotokozera alendo. Ankati pakamwa palibe chifukwa wojambulayo ankatanthauza mtundu wonse umene unakhala zaka zambiri wosaloledwa kuyankhula. Alendo ankavomereza. Amayi anayenda pakati pawo n'kukaima pansi pa chigudulicho, n'kutembenuka. Mzungu wina wamkazi anayang'ana chithunzi, anayang'ana amayi, anayang'ananso chithunzi, n'kutsitsa tambula yake pang'onopang'ono.

"Bambo," anatero amayi, "mwati ameneyu ndani?"

"Mayi, chonde imani chapatali, zinthuzi ndi zosachedwa kuonongeka."

"Ndikudziwa. Ndinalipo zikuuma. Ndine Asiyatu, mkazi wa Che Kassimu. Apa ndinali nditaika mwana wanga Maliyamu. Uyo wa thukuta ndine, ku Likangala. Uyo wa wotchi akuti ndinenso. Mwamuna wanga sanafere kunyanja, anafera pamiyendo pangapa, m'chipatala, akundiuza pamene anasiya makiyi a nyumba. Misala yake inali kuti?"

A Saulos anatitengera pambali, kuseri kwa chitseko, mawu awo atasanduka uchi. Anati iwo anagula moyenera kwa mwini wake, mng'ono wa malemu, ndipo ndi iye amene anawauza mbiri yonse. Anati kapepalako kasindikizidwa kale, sikangasinthidwe. Amayi anati za kapepala tikamba bwino, koma iwo abwerera chiguduli chawo. A Saulos analoza kadontho kofiira kamene kanamatidwa pafelemu, n'kunena kuti chimenecho chagulidwa kale, chikwera ndege kumapeto kwa mwezi. Kenako anamwetulira, anapita pa khoma loyamba, anatsitsa mayi wonenepa uja n'kubwera naye.

"Ichi ndiye sichinapeze wogula," anatero. "Tengani, mayi, ndi mphatso yochokera kwa ine. Ndiponso apa ndi pamene munakongola."

Amayi anachiyang'ana. Chithunzi chimene anachipukuta fumbi zaka makumi awiri, chimene analirira kuposa zonse tsiku la ngolo lija.

"Ameneyo sanabereke, sanalime, sanaike maliro," anatero. "Musungeni. Ine ndikufuna amene amamudziwa mwana wanga."

Sanatipatse. Tinapita kupolisi, anati ndi nkhani ya pabanja. Tinapita kwa wodziwa malamulo amene amasoketsa masuti kwa abwana anga, anati popanda pepala losonyeza kuti munasiyira amayi, nkhani yake ndi yaitali kuposa mwezi. Mwezi unatha. Ndege inanyamuka. Lero nkhope ya amayi ili pakhoma la munthu amene sitidzamudziwa, m'dziko limene sitinauzidwe dzina lake, ndipo mwina akamalandira alendo amawauza za wamisala wa ku Chilwa.

Che Sharifu, tikudziwa kuti mwana wanu amakuwerengerani nyuzipepala. Amayi akuti ndikuuzeni kuti malata sakuwafuna, mugone momwemo, mvula ikamagwa muzimva. Chimene akufuna n'chakuti Lachisanu likubwerali, anthu akamatuluka mumzikiti, muime pakhomo munene kuti achimwene anu anali ndi mkazi, anali ndi ana atatu, ndipo sanapenge. Munanena zina zija pamsika mokweza. Izinso muzinene mokweza.

A Saulos, ndi inu nonse amene munagula, tengani cholembera. Mkazi Wosadziwika ndi Asiyatu, ali moyo, amalimabe mpunga ku Likangala. Amene mwamulemba kuti Msodzi Wokalamba ndi Che Ayuba Ndembo, anamwalira chaka chatha, ana ake sanaonepo chithunzicho. Mayi ndi Dengu ndi a Virginia Namakhwa, amene anatithandiza kusambitsa Maliyamu pamene ena ankaopa kulowa m'nyumba. Nkhope Yong'ambika Yachisanu ndi a Grain Mulewa, anaika ana awiri sabata imodzi, ndipo anakukhalirani, ababa, chifukwa anati ndinu nokha amene simunawauze kuti alimbe mtima. Ena onse tikuwadziwa, mmodzimmodzi, ndipo Wisidomu akuyenda ndi kope m'midzi kulemba mayina awo. Amene akufuna kudziwa munthu amene wamupachika m'nyumba mwake alembere Falida Kassimu kudzera kwa akonzi a nyuzipepala ino. Tiyankha kalata iliyonse.

Ababa, ndawawerengera amayi zonse kuyambira pamwamba, ndipo pa ndime ija yoti manja anu anali m'chitini andiimitsa. Akuti ndalemba zoona koma sindinalembe zonse, chifukwa ine ndinali ku Limbe. Akuti masiku amenewo aliyense wobwera pakhonde ankawauza kuti adye, asambe, ayankhule, aiwale, ndi chifuniro cha Mulungu. Inu nokha simunawapemphe kanthu. Munangokhala moyang'anizana nawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, masiku khumi ndi awiri, osayang'ana kumbali. Akuti tsiku lomaliza munawatembenuzira chiguduli, iwo anachiona, ndipo ndi pamene analira koyamba mokweza. Ndawafunsa ngati ndichotse ndime ijayo. Akuti ayi, isiye, mkwiyo ndi wako, koma izinso ulembe.

Ndalemba, ababa. Sindinganene kuti mkwiyo wanga watha. Koma ndikanakonda ndikanakutsanzikani tsiku lija.

Madzi anabwerera m'nyanja, mabwato akuyandamanso, ndipo padoko pali anyamata atsopano amene sadziwa kuti pamenepo pankakhala ndani ndi kampando kake. Wisidomu anakwatira, ali ndi mwana wamkazi, Habiba, amene ali ndi mphumi yanu yotukuka. Palibe woti amujambule.

Okulirani ndi ife: mkazi wanu Asiyatu, ana anu Falida ndi Wisidomu, mlamu wanu a Mwanabibi, ndi mdzukulu wanu amene tidzamuuza zonse akadzakula. Allah akukhululukireni zolakwa zanu, akukulitsireni manda, ndipo akuikeni pafupi ndi Maliyamu.

Kukhululuka tikuyesetsa, ababa, ndipo kukutivuta. Kukuiwalani ndiye sitidzayesa n'komwe.